Mmene ndinajambulira adadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachititsa manyazi bambo anga pamaso pa anthu. N'kuti ine ndi amayi titakhala zaka zitatu ku Mulhuddart, titabwera kudzawatsatira adadi amene anatsogola kale kuno ku Ireland. Ndinali nditangoyamba sekondale. Chichewa ndinkachimva bwinobwino koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo ndinali pa msinkhu uja woona ngati makolo ako anabadwira kukuyalutsa basi.

Ku Malawi adadi anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Kuno ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kuseri kwa dera lathu, kunyamula ndi kusanja makatoni. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana ankavala jekete lachikasu lowala lija ndi nsapato zolemera, osasiyana ndi wina aliyense. Koma likafika Lamulungu, adadi ankatchena.

Ndikati kutchena musaganize za suti yakuda ndi tayi. Ankagula masuti akale m'masitolo ogulitsa zovala zimene anthu apereka mwachifundo, amene iwo ankawatcha kaunjika wa azungu. Akafika nayo suti kunyumba ankaiphwasula msoko uliwonse n'kuisokanso mpaka iwakhale ngati anabadwa nayo. Inalipo ya mizeremizere, ina yofiirira, ina yoyera imene inkadikira chilimwe, ndiye panali yobiriwira imene ankaikonda kuposa zonse. Mkati ankavala wesikoti ya mabatani onyezimira, wotchi ya tcheni ili m'kathumba. Kampango ka pamtima kankayenera kugwirizana ndi tayi. Nsapato zinali zosongoka, za mitundu iwiri, ndipo pamutu pankakhala chipewa chokhala ndi kanthenga m'mbali. Loweruka madzulo nyumba yonse inkanunkhira polishi ndi nthunzi ya simbi.

Amayi ankawaseka tsiku lililonse la Misa. "Bambo a Takondwa, ansembe afika pa ulaliki inu mukadali pagalasi."

"Asiyeni ayambe," adadi ankayankha akukonza chipewa. "Kwa Mulungu sindipita ngati ndikupita kudimba."

Takondwa ndi ineyo, ndipo ine zimenezi sizinkandiseketsa n'komwe. Kuchokera pakhomo pathu kukafika pa siteji ya basi unali mtunda wa mphindi zisanu, koma kwa ine unali ulendo wautali kuposa wa ku Blantyre. Anyamata a m'dera lathu ankakhala pakhoma atavala zovala zawo zothamangira, ndipo adadi akamadutsa ankaimba mluzu, ena n'kuchita sawatcha. Adadi ankawavulira chipewa mwaulemu ngati akupatsa moni akuluakulu. Ine ndinkatsalira m'mbuyo masitepe khumi, maso pa foni, kunamizira kuti banja limeneli ndangokumana nalo panjira. Ena mwa anyamatawo ndinkaphunzira nawo sukulu imodzi.

Chinthu chimodzi chimene ndinkachitha ndi kujambula. Masamu ankandizungulitsa mutu, Chiairishi ndiye osanena, koma pensulo inkandimvera. Aphunzitsi athu a zojambula, Mayi Doyle, mzimayi wamfupi wolankhula mofulumira, anali munthu woyamba kuno kundiyamikira pamaso pa kalasi yonse. Ndinkafuna andiyamikirenso, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anzanga aziseka nane m'malo mondiseka.

Tsiku lina Mayi Doyle anatitenga pa basi kupita m'tauni, ku nyumba yoonetsera zithunzi. Titadutsa zipinda za zithunzi zikuluzikulu za oyera mtima ndi ng'ombe zili m'madambo, anatilowetsa m'kachipinda kamdima pang'ono momwe munali zithunzi zodinda papepala, za zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Zonse zinali zoseka amuna okonda kutchena. Wina anavala wigi yaitali ngati chulu, kachipewa kali pamwamba penipeni, moti popereka moni ankachita kukatukula ndi nsonga ya lupanga. Pa chithunzi china wometa tsitsi wake anachita kukwera makwerero kuti amuwaze ufa kumutu. Wina antchito awiri ankamukoka zingwe za lamba womanga mimba, mmodzi atamuponda phazi kumsana, iye maso atatuluka. Panalinso wina amene kolala yake inafika m'makutu, moti sankatha kucheuka kuti aone galu amene ankamunyowetsa mwendo. Tiana tonse tinagwa nako kuseka.

Mayi Doyle anafotokoza kuti zithunzizi ankazipachika pamawindo a masitolo kuti anthu odutsa mumsewu aime n'kuseka. Anati ambiri mwa ojambulidwawo anali ana a anthu olemera, osagwira ntchito, amene ankapita kunja n'kubwerako ndi mavalidwe achilendo ndi matama. Anafotokoza zambiri ndithu. Koma khutu langa linangotola chimodzi: kuti kuseka mwamuna wotchena n'kololedwa, ndipo ukaseka mwaluso akuluakulu amakuikira m'fulemu.

Palibe amene anandiyamba. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa kwa zaka zambiri ndikamaikumbukira nkhaniyi ndinkayesa kuikamo mnzanga wondinyenga. Ndine ndekha amene ndinaloza wa kachipewa uja n'kunong'oneza amene anali pafupi nane kuti, "Uyu ndimakhala naye nyumba imodzi." Anaseka mpaka mlonda anatiyang'ana. Mtima wanga unachita kuti myaa, ndipo ulendo wonse wobwerera sindinakhale ndekha pampando wa basi.

Ntchito imene Mayi Doyle anatipatsa inali yoti tijambule munthu wa masiku ano motsanzira zithunzi zija. Anzanga anasankha osewera mpira, oimba, wina anajambula wandale. Ine sindinavutike n'kusankha.

Loweruka lotsatira ndinakakhala pakhomo la chipinda chimene adadi ankasitiramo. Ndinali ndisanachitepo zimenezi, ndipo iwo anadabwa.

"Lero watani? Ukufuna kuphunzira?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Nkhope yawo inawala. Anandionetsa mmene umaikira kansalu konyowa pakati pa simbi ndi buluku kuti nsalu isanyezimire. Anandiuza kuti batani lomaliza la wesikoti silimangidwa, ndiponso kuti mkono wa malaya uyenera kutulukira pang'ono chabe kunja kwa jekete. Anandigwiritsa nsalu ya suti yobiriwira ija pakati pa zala kuti ndimve kulemera kwake. Analankhula kwa nthawi yaitali kuposa mmene analankhulirapo nane chifikire changa kuno. Ine mutu ukugwedezeka, maso akuba: kutalika kwa nthenga, kusongoka kwa nsapato, mmene ankatukulira chibwano akamamanga tayi.

Kenaka ndinawapempha kuti avale zonse aime, ndiwajambule za kusukulu. Sanafunse kawiri. Anavala suti yobiriwira, chipewa, tcheni ndi zonse, n'kuima pakati pa balaza dzanja limodzi lili pa wesikoti. Anaima choncho theka la ola osagwedezeka, munthu amene anali atanyamula makatoni kuyambira m'mawa. Amayi ankadutsa ndi zochapa n'kumawaseka, iwo osaphethira n'komwe.

"Tione," anatero nditamaliza.

Ndinatseka bukhu n'kunena kuti sichinathe. Anavomera. Telala amadziwa kuti chovala sichionetsedwa chili pa mapini.

Chithunzicho ndinachimalizira kusukulu, ndipo sindinama, chinali chabwino. Chipewa chinabowola denga la siteji ya basi, nthenga yake mbalame itamangapo chisa. Nsapato zinali zitalowa kale m'basi mwiniwake akadali panja. Tcheni cha wotchi chinkakokeka pansi ngati cha galu. Chifuwa ndinachitukumula, miyendo ndinaiwondetsa. Milomo ndinaikulitsa, mphuno ndinaitambasula, chifukwa ndinaona kuti ndikatero anzanga a patebulo langa ankaseka kwambiri. Izi ndikulemba dzanja likulemera, koma ndinatero. Kumbuyo kwawo ndinaunjika makatoni mpaka kumwamba, ndipo pansi pa jekete lobiriwira ndinatulutsa kansonga ka jekete lachikasu la kuntchito. Zithunzi zakale zija zinkakhala ndi mawu m'munsi, ndiye nanenso ndinalemba m'Chingerezi, ndi zilembo zopindapinda: Bwana Mkubwa wa Makatoni Akupita Kukapemphera.

Mayi Doyle anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayamikira mizere, anayamikira nsapato zija. Kenaka anandifunsa kuti munthuyu ndi ndani.

"Bambo wina wake wa kutchalitchi kwathu," ndinatero.

Amene ankadziwa zoona anangoyang'anizana n'kubisa kuseka m'manja. Mayi Doyle makolo anga anali asanawaonepo. Patapita masabata awiri analengeza kuti zithunzi khumi zikapachikidwa mu holo ya sukulu pa chionetsero cha kumapeto kwa chaka, ndipo changa chinali choyamba kutchulidwa. Ndinasangalala mpaka nditafika pageti. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti sukulu imatumiza uthenga pa mafoni a makolo.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti Lachinayi, tsiku la chionetserocho, adadi amaweruka mochedwa, sangabwere. Ndinali nditaiwala kuti kwathu mwana akachita bwino si nkhani ya m'nyumba imodzi. Lamulungu limenelo, Misa itatha, Amalawi tinasonkhana mu holo ya parishi kumwa tiyi monga mwa nthawi zonse. Adadi anagogoda kapu ndi supuni, n'kuimirira.

"Abale, pepani ndikudulani pang'ono. Mwana wanuyu, Takondwa, chithunzi chake achisankha kusukulu. First pa kalasi yonse. Ndipo amene wamujambulayo," anaima kaye n'kukonza tayi, "ndi uyu mukumuonayu."

Azimayi analuluta. Ena anandikumbatira, ena anandipsinja masaya. A Phiri, mnzawo wa adadi wochokera ku Chipata ku Zambia, anati iwo ndi akazi awo abwera basi, olo kugwe chimvula. Adadi anati shift asinthana kale ndi mnzawo. Ine ndinaima pakati pawo kapu ili m'manja, tiyi akuzizira.

Ndinali ndi masiku anayi oti ndinene. Ndikanatha kuwauza amayi kukhitchini. Ndikanatha kupempha Mayi Doyle kuti achitsitse. Chimene ndinachita n'chakuti Lachitatu madzulo ndinauza adadi kuti asavutike kubwera, n'zachibwana chabe. Anandisisita pamutu n'kuuza amayi kuti mwanayu ndi wodzichepetsa, watengera kwa iwo. Ndinkaopa kukalipiridwa kwa mphindi khumi, ndiye ndinasankha kukhala chete n'kumapemphera kuti mwina kugwe china chake.

Palibe chinagwa, kupatula kamvula kowaza. Lachinayi pa half five tinalowa mu holo: adadi patsogolo, amayi atavala chitenje chawo chatsopano, a Phiri ndi akazi awo, ine kumapeto. Adadi anavala suti yobiriwira ija. Anati n'koyenera kuti anthu aone chithunzi ndi mwiniwake pamodzi. Makolo ena anali m'majini ndi majuzi, ena atachokera kuntchito osasintha. Mu holomo munkanunkhira utoto ndi majekete onyowa.

Chithunzi changa anachiika moyang'anizana ndi khomo. Ine ndinachiona nthawi yomweyo, koma adadi anali otanganidwa kupereka moni. Ndinaona mitu ya anthu ikutembenukira kwa iwo, kenaka kukhoma, kenaka kwa iwonso. Kuseka kunayamba pang'onopang'ono, kwa anthu oyesa kudzigwira. Bambo wina wamtali anawamenya paphewa mwachisangalalo n'kunena kuti, "Ndinu amene! Ndinu enieni!" Anapempha kuti awajambule ndi foni. Adadi anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kumwetulira. Ankaona ngati anthu akuyamikira mwana wawo. Bambo wamtaliyo ndi amene anawagwira mkono n'kuwatengera kukhoma kuti aime pafupi ndi chithunzicho.

Anachiyang'ana. Kumwetulira kuja sikunachoke nthawi imodzi, kunatsala pankhope kwa kanthawi ngati kwaiwalika. Anapisa m'thumba, anatulutsa magalasi, anavala, n'kuwerama kuti awerenge mawu a m'munsi. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Anawerenga kawiri. Amayi anagwira pakamwa. A Phiri, munthu wosasowa chonena, anayamba kuyang'anitsitsa chithunzi cha mphaka chimene chinali pambali. Bambo wamtali uja anatsitsa foni yake n'kusowa.

Mayi Doyle anafika akuthamanga, nkhope itafiira mpaka m'khosi. Anayang'ana adadi, anayang'ana ine. "Takondwa, unandiuza kuti…" Sanamalize. Anayamba kupepesa, kuti sankadziwa, kuti achitsitsa pompano. Adadi anawaletsa ndi dzanja. M'Chingerezi chawo chija chosankha mawu, anati asachitsitse, mwana wagwira ntchito, ndipo dzanja lake ndi labwino. Anawathokoza chifukwa chondiphunzitsa.

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kulankhula m'Chichewa, motsitsa mawu kuti ndimve ndekha.

"Mabatani a wesikotiwa wawerenga bwino. Six ndithu. Ndi lomalizali walisiya losamanga."

Ndi zokhazo zimene ananena. Ndikanakonda akanandimenya mbama pomwepo pamaso pa sukulu yonse. Tinazungulira holo yonse, chifukwa adadi anati si ulemu kuona cha mwana wako chokha. Anaima pa chithunzi chilichonse, manja kumbuyo, chipewa chili m'manja. Potuluka a Phiri anatsanzika mwachangu kuti ali ndi kwina kopita. Kamvula kanali kakuwazabe, koma chipewa chija sichinabwerere pamutu mpaka tinafika kunyumba.

Adadi anakwera kuchipinda. Amayi anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Amayi anga akakwiya amakuwa, koma tsiku limenelo mawu awo anali otsika, ndipo ndinaopa kwambiri.

"Iwe, ukudziwa chimene wachita?"

Ndinayamba kufotokoza m'Chingerezi kuti ndi mtundu wa zojambula, kuti kale ankatero, kuti zili m'nyumba yoonetsera zithunzi m'tauni.

"Undilankhule Chichewa," anandidula. Ndinalibe mawu a Chichewa oti ndidzitetezere nawo.

"Bambo akowa anakhala four years mu hostel ya boma, kudikira mapepala okhalira m'dziko muno. Osaloledwa kugwira ntchito, osaloledwa kuphika, kungodzuka, kudya, kugona. Anzawo ena ankaswera m'mapijama tsiku lonse mpaka mitu inasokonekera. Iwowa m'mawa uliwonse ankavala tayi kupita kukalandira buledi. Buluku ankaligonera pansi pa matiresi kuti likhale ndi mzere. Zithunzi zimene ankatitumizira ku Bangwe, iwe n'kumakaonetsa anzako kuti adadi anga ali kunja, unkaona ngati ali ku ofesi? Ine ndimawaseka, inde. Ndine mkazi wawo, ndimawasekera m'nyumba. Iwe wakawasekera kwa anthu amene amawaimbira mluzu."

Ndinalira, koma ndivomere kuti ngakhale pamenepo mbali ina ndinkadzilirira ndekha, poganiza kuti mawa kusukulu ndikaonekera bwanji. Amayi anati ndipite ndikapepese.

Ndinawapeza atakhala pabedi, atavula jekete, akumasula tcheni cha wotchi. Ndinagwada pakhomo. Chichokere ku Malawi ndinali ndisanagwadirepo munthu, ndipo mawondo anga anachita ngati a wina. Ndinati, "Pepani, adadi." Anati palibe kanthu, ndidzuke, pansi pakuzizira. Nditadzuka anandifunsa funso, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Tandiuza zoona. Ndikamayenda panjirapa, anthu amaona chimene chija?"

Ndikanayenera kunena kuti ayi nthawi yomweyo. Ndinatsegula pakamwa, ndinakumbukira anyamata a pakhoma aja, ndinazengereza. Pamene ndinkati "ayi" n'kuti atamva kale yankho. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti ndipite ndikathandize amayi.

Lamulungu lotsatira ndinadzuka nyumba isakununkhira polishi. Adadi anatsika masitepe atavala buluku lakuda ndi juzi yabuluu, ndipo anali oyamba kukonzeka. Amayi anangowayang'ana. Tinayenda kupita pa siteji tonse atatu limodzi, ine ndili pambali pawo. Anyamata a pakhoma sanatukule n'komwe mitu. Ndinapeza chimene ndinkachifuna kwa zaka zitatu, koma sichinandikomere n'komwe.

Kutchalitchi azimayi anawazungulira adadi. "A Mbewe, mwadwala kodi? Lero mwatani?" Iwo anaseka n'kunena kuti ukalamba wayamba, thupi likufuna zofewa. A Phiri sanauze munthu aliyense zimene anaona, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Ine ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo wa sabata imodzi kapena ziwiri. Pasaka wotsatira anafika, ubatizo wa mwana wa a Phiri unafika, Khirisimasi inafika, juzi yomweyo kapena inzake. Masuti anakhala m'kabati atakutidwa ndi mapulasitiki. Chaka china, potumiza katundu kumudzi mu mgolo, adadi anawapinda onse bwinobwino n'kuwaika pamwamba. Patapita miyezi anatitumizira chithunzi cha ang'ono awo ali pa ukwati atavala yobiriwira ija, manja ake atawatalikira. Adadi anachikulitsa pa foni n'kunena kuti akanapita nayo kwa telala.

Makina osokera sanawasiye. Ankapinda makatani a anthu, kufupikitsa mabuluku a ana a sukulu, kusoka madiresi a amayi. Ine ankandilankhula bwinobwino, kundiperekeza, kundigulira mapepala ojambulira. Sanaitchulenso nkhani ija ngakhale kamodzi. Chithunzicho Mayi Doyle anandibwezera chitakulungidwa, ndipo ndinaching'amba n'kuchitaya mu bini ya pa siteji, ngati kuti vuto linali pepala.

Ndinapitiriza zojambula mpaka ku koleji, ndipo lero ndi ntchito imene imandidyetsa. Zithunzi zakale zija ndabwererako kukaziona kangapo. Zimandiseketsabe, sindikana. Koma tsopano ndimaona zimene Mayi Doyle ananena tsiku lija ine osamva. Wa wigi ngati chulu uja anali ndi antchito omukwerera makwerero. Womujambulayo mwina sakanaloledwa ngakhale kuima pakhomo pake, ndipo amene ankaseka pawindo la sitolo anali anthu oyenda pansi m'matope, amene ngolo yake inkawathira madzi. Kuseka kunali kokhako kumene akanamuchita. Ine ndinatenga chida chomwecho n'kulozetsa kwa munthu amene sabata yonse ankatumidwa ndi ana ang'onoang'ono kwa iye, amene anali ndi tsiku limodzi lokha loti aoneke mmene ankadzionera yekha. Ndipo nthawi zina ndikaima pa zithunzizo ndimadzifunsa ngati onse ojambulidwawo analidi olemera. Mwina wina anali kalaliki chabe amene anasala kudya kuti agule kolala imeneyo, n'kudzadzipeza pawindo akupita kuntchito.

Chaka chatha ndinamaliza maphunziro ena owonjezera, ndipo panali mwambo wolandira masatifiketi. Kutatsala masiku awiri adadi anandiimbira foni. Tinacheza za basi yoti akwere, za nthawi yoyambira. Ndinkamva kuti pali china chimene akuchizungulira. Kenaka anakhosomola.

"Takondwa, kumeneko anthu amavala bwanji? Undiuziretu, ndisakakuchititse manyazi."

Ndinali m'sitima yochokera ku Skerries, anthu ali thothotho, ndipo ndinachita kutembenukira kuwindo. Ndinawauza m'Chichewa, chimene tsopano ndimachilankhula mwadala ngakhale chimapunduka, kuti, "Adadi, tchenani. Chonde, tchenani ngati kale. Chipewa, tcheni, zonse. Ndikufuna aliyense akuoneni."

Anaseka, kuseka kwabwinobwino kopanda chakukhosi. "Aaa, zimene zija zinali zachibwana, mwana wanga. Unandithandiza iwe."

Anabwera atavala jekete lotuwa logula m'sitolo, lowakwana mwa apo ndi apo. Anakhala pakati pa makolo ena, ndipo nditakwera pansanja ndinawafunafuna ndi maso kwa nthawi ndithu ndisanawapeze.

Kale ndinkaganiza kuti ukalakwira munthu, ukagwada n'kupepesa, iye n'kunena kuti palibe kanthu, nkhani yatha. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akhoza kukukhululukira ndi mtima wake wonse koma n'kukhulupirirabe zimene unamuuza. Adadi anandikhululukira tsiku lomwelo, ndisanadzuke n'komwe pamene ndinagwada. Koma chithunzi chija anachikhulupirira.